Foni yotchipa ya kampani yosadziwika poyerekeza ndi ya kampani yotchuka

Pa tsiku logula, foni ya kampani yosadziwika kwenikweni imaoneka yopambana, chifukwa pa ndalama zochepa munthu amapeza sikirini yaikulu, malo a masimukhadi awiri ndi batire ya 5000 mAh. Kawirikawiri chaja imakhalamonso m'bokosi, pamene Apple inasiya kuikamo chaja mu 2020.

Kusiyana kwenikweni kumaonekera pakapita miyezi. Mu 2023 Google inalonjeza kuti foni yake ya Pixel 8 idzalandira zokonza mapulogalamu ndi chitetezo kwa zaka 7, koma makampani ang'onoang'ono ambiri amasiya msanga kutumiza zimenezi, zomwe n'zodetsa nkhawa kwa munthu wosunga ndalama pafoni. Sikirini ikasweka, wokonza amapeza msanga ya Samsung, pamene ya foni yosadziwika angaifunefune mpaka kulephera, ndipo foniyo imangogona m'kabati ngakhale zina zonse zili bwino.

Kwa wongofuna kuimba ndi WhatsApp, yotchipayo ndi yokwanira, malinga ikhale ndi RAM (memore imene foni imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) yosachepera 4 GB, chifukwa ya 2 GB imazengereza ngakhale potsegula kamera. Wogula aonenso mu Play Store ngati foniyo inavomerezedwa ndi Play Protect, yomwe ndi njira ya Google yotetezera mafoni.