Ma reaction a pa WhatsApp: achangu, koma 😂 inayandikana kwambiri ndi 😢

WhatsApp inayambitsa ma reaction (kuyankha uthenga pongoikapo emoji osalemba mawu) mu May 2022 ndi ma emoji 6 okha: 👍 ❤️ 😂 😮 😢 🙏. Pofika July chaka chomwecho inalola emoji iliyonse. Kagwiritsidwe kake nkosavuta: dinani uthenga osachotsa chala, kamzere katuluka, sankhani. Chizindikiro cha + chimatsegula ena onse. Munthu amaika reaction imodzi pa uthenga, ndipo akasankha ina yoyambayo imachoka.

Pa gulu la mpingo la anthu 200 izi zimathandiza zedi. M'malo mwa ma "Amen" 50 otsatizana okwirira chilengezo, pamangokhala 🙏 ndi nambala pambali pake.

Vuto lili pa kamzere kaja. Pakati pa 😂 ndi 😢 pali nkhope imodzi yokha, ndipo ziwirizo zonse nzachikasu, zonse zili ndi misozi. Pa sikirini yaing'ono kapena yong'aluka, kapena kwa agogo amene magalasi awasiya kuchipinda, misozi ndi misozi basi. Mapeto ake, pansi pa uthenga wakuti "malume atisiya m'mawa uno" pamaoneka nkhope yoseka chikhakhali. WhatsApp sifunsa ngati mwatsimikiza, imangotumiza. Ndipo sizibisika, chifukwa aliyense pa gulupo akadina pa reaction amaona amene waika. Kuichotsa nkotheka: dinani pa reaction yanuyo, kenako pa dzina lanu. Koma ofedwawo amakhala ataona kale notification, choncho pepesani ndi mawu, osangofufuta mwakachetechete.

👍 nayo ili ndi milandu yake. Msungichuma wa banki m'khonde akaiika pa "ndatumiza K20,000", akuti walandira kapena wangowerenga? Tsiku logawana ndalama funso limeneli limabutsa mkangano. Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan, Canada, linagamula kuti mlimi amene anayankha 👍 atatumiziridwa chithunzi cha kontrakiti pa foni anavomera mgwirizanowo, ndipo linamulamula kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Kwa apongozi amene alemba madandaulo a mizere 10, 👍 yokha imamveka ngati mwagwedeza mutu uku mukutuluka pakhomo.

China choiwalika: pa Android WhatsApp imaonetsa ma emoji ojambula yokha, pa iPhone amaoneka a Apple, ndiye nkhope imene mwasankha ikafika kwa mnzanu imatha kusiyanako pang'ono.

Pa nkhani za mpira ndi zocheza chida ichi chilibe chotsutsa. Pa maliro, ndalama ndi kwa akuluakulu timachipatsa 2 pa 5.