Nyimbo za Allan Namoko pa memori khadi: yesani musanalipire

Nyimbo za Allan Namoko masiku ano ambiri amazipeza kwa anyamata othira nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi, aja amakhala ndi kompyuta ndi sipika yaphokoso pakhomo la msika kapena pafupi ndi depoti. Mukangonena kuti mukufuna za Namoko, amatsegula foda ya nyimbo zakale, n'kukopera, ndipo pakangopita mphindi zochepa mwanyamula. Ntchito yake ndi yachangu, mtengo wake ndi wofikirika. Vuto ndi lakuti nyimbo za mkuluyu ndi zina mwa zimene zimawonongeka msanga zikakopedwa mosasamala, ndipo wogula sazindikira mpaka atafika kunyumba.

Namoko anali wa ku Thyolo, anabadwa mu 1956 ndipo anamwalira mu 1995. Anali wosaona, ankaimba banjo, ndipo ankatsogolera gulu la Chimvu Jazz Band. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndipo anthu ambiri anam'dziwira pa wailesi ya MBC nthawi imene m'dziko muno munali wailesi imodzi yokha. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatulutsidwa ndi kampani ya nyimbo ya Pamtondo mu 1992, ndipo Lameki ndi nyimbo imene ngakhale amene sadziwa dzina la woimba amaizindikira ikangoyamba.

Chokoma m'nyimbozi ndi kuchepa kwa zinthu. Mulibe kiyibodi yophimba zolakwa, mulibe makina okonza mawu. Banjo imabwereza kachigawo kamodzi kakafupi, kouma, ngati munthu akusinja, ndipo ng'oma zimangoigwira m'chiuno kuti isathamange. Pamwamba pake pamabwera mawu a Namoko, osasa pang'ono, olankhula kwambiri kuposa kuimba, monga mkulu amene wakhala pansi pa mtengo akufotokoza mlandu. Anzake amayankha mzere womwewo mobwereza, ndipo iye amapotoza mawu pang'ono ulendo uliwonse, mwina kuukoka, mwina kuudula. Kukoma kuli pa kupotozako. Amaimba za umasiye ndi umphawi, koma kugunda kwake ndi kovinika, moti munthu umapezeka ukugwedeza phazi pa nkhani yoti ukanaimva pamaliro ukanagwetsa nkhope. Oimba ambiri a lero akafuna kumvetsa chisoni amachedwetsa nyimbo. Iye sankatero, ndipo n'chifukwa chake zake sizitopetsa.

Ndiye taonani chimene chimachitika pokopera. Kulira kwa banjo n'kwakufupi ndiponso kwapamwamba. Fayilo ya MP3 ikapanikizidwa kwambiri kuti ichepe, mbali yapamwambayo ndi imene imayamba kufa, ndipo banjo imamveka ngati ikuimbidwa m'madzi. Njira yodziwira ndi yosavuta: onani kukula kwa fayilo. Pa 128 kbps (muyeso wa mmene fayilo yapanikizidwira: nambala ikachepa, ndiye kuti yapanikizidwa kwambiri), mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi 1 MB, choncho nyimbo ya mphindi 5 iyenera kukhala pafupifupi 5 MB. Mukaona ili pa 2 MB kapena kuchepera apo, isiyeni. Zoterezi kawirikawiri zimakhala zoti wina anajambula ndi foni pafupi ndi wailesi n'kutumiza pa WhatsApp ngati uthenga wamawu. Fayilo yaikulu nayo si umboni wokwanira, chifukwa ena amatenga yowonongeka kale n'kuisunganso pa 320 kbps. Imanenepa, koma chimene chinatayika sichibwerera.

Zambiri mwa nyimbozi zinachokera pa makaseti, ndipo matenda a kaseti amalowa nawo m'kompyuta. Kaseti imayenda pa liwiro la masentimita 4.76 pa sekondi. Lamba wa m'wailesi akatha, liwirolo limagwedera ndipo mawu amakwera n'kutsika ngati woimba waledzera. Ikathamanga kwambiri, Namoko amamveka ngati mnyamata. Ikachedwa, banjo imalefuka. Mutu wowerenga tepi ukada kapena ukapendama, mawu amatuluka ngati aphimbidwa ndi bulangete. Kaphokoso ka "sss" kapansipansi musakaope, n'kachibadwa cha tepi. Opani makamaka fayilo imene wina anaichotsa phokoso lonse ndi pulogalamu ya pakompyuta, chifukwa nthawi zambiri amachotsa limodzi ndi kulira kwa nsambo, n'kusiya mawu achitsulo.

China n'chosokoneza mayina. M'foda ya Namoko mumapezeka nyimbo za oimba banjo ena a nthawi yomweyo, nthawi zina ngakhale kwela ya a Kachamba a ku Chileka, imene ili ndi chitoliro ndi gitala ndipo siifanana nayo n'komwe. Nyimbo imodzi imatha kubwera katatu ndi mayina osiyana, ina yodulidwa kumapeto, ina yokhala ndi mawu a muulutsi kapena a DJ akudzitchula pakati. Ngati mukulipira pa nyimbo iliyonse, apa mwalipira katatu chinthu chimodzi.

Pitani ndi mahedifoni anu. Sipika ya pamalopo amaikweza mabesi kuti ikope anthu odutsa, ndipo imabisa zonse tanenazi. Pemphani kuti akuikireni nyimbo zitatu kapena zinayi kaye, mumvere chiyambi, pakati ndi masekondi omaliza. Onetsetsani kuti makutu onse awiri akulira, chifukwa chingwe cholakwika pokopera kuchokera pa kaseti chimasiya mbali imodzi ili zii. Wothira nyimbo wodziwa ntchito sakana zimenezi, ndipo ena amasunga mafoda awiri, ya wamba ndi yosankhidwa, imene amaitsegula akaona kuti wogula akudziwa chimene akufuna.

Khadi bwerani nayo yanu. Nyimbo 40 za 5 MB ndi 200 MB basi, choncho ya 2 GB kapena 4 GB ikukwana n'kutsala. Makhadi otchipa olembedwa 64 GB ambiri amakhala abodza: amaonetsa kuti mafayilo alowa, koma mukafika kunyumba theka silitseguka. Ngati mukamverera m'galimoto kapena pa kawailesi ka fulashi, uzani mnyamatayo kuti khadi aikonze (aifomate) m'njira yotchedwa FAT32 ndipo mafayilo akhale MP3, poti mawailesi ambiri akale sawerenga khadi yokonzedwa m'njira ya exFAT kapena mafayilo a mtundu wa M4A. Mukafika kunyumba, tsegulani khadiyo pa foni musanaiike m'kompyuta, popeza makompyuta a m'misika amalandira mafulashi ambirimbiri patsiku ndipo mavairasi amayenda nawo.

Pali mbali imene imasautsa mtima. Ndalama imene mumapereka pamsika ndi ya ntchito yokopera, ndipo palibe chokutsimikizirani kuti kena kake kafika kubanja la woimbayo. Bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa nyimbo, ndipo n'koyenera kufunsa ngati malowo ali ndi chilolezo chake. Mukapeza kaseti kapena CD yeniyeni ya Ana Osiidwa kwa wachibale, ndiyo yabwino kuposa zonse. Pukutani mutu wa wailesi ndi thonje lonyowetsa ndi spiriti, kopani kamodzi pa 192 kbps kapena kuposerapo, ndipo tepiyo isungeni kutali ndi dzuwa ndi maginito a sipika. Pomvetsera, tsitsani mabesi mpaka pakati kuti banjo ituluke.