Pansi pa udzu: pulasitiki, malata kapena osaikapo kanthu?

Ambirife kuno ku Zomba tikamafolera timathamangira pepala lakuda lapulasitiki. Ndi lotchipa, ndipo mvula ya mu Januwale ikamakhuthuka m'nyumba simudontha. Vuto lake limadzaoneka mu Juni ndi Julayi, makamaka kwa okhala m'mphepete mwa phiri monga ku Domasi ndi ku Malosa. Usiku pepalalo limazizira, ndiye nthunzi ya m'nyumba, ya anthu ogona ngakhale ya madzi owira, ikafika pamenepo imasanduka madontho. Mukaligwira m'mawa mupeza lili chinyontho, phaso litayamba kuda ndi chuku. Moto ukabuka ndiye zoopsa zenizeni, chifukwa pulasitiki imasungunuka n'kumadonthera anthu ikuyaka.

Ena amakhoma malata kenaka n'kuyala udzu pamwamba. Pa nkhani ya moto njirayi ikuposa pulasitiki kutali: udzu ukayaka, makala sagwera m'chipinda msanga, mumapeza mpata wotulutsa ana. Udzuwo umatchinganso dzuwa la mu Okutobala, lija limavutitsa anzathu a ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Koma mwalipira madenga awiri, ndipo mukapanda kusiya mpata woti mphepo izidutsa pakati, udzu wonyowa umadyetsa malata dzimbiri inu osaona.

Ine mtima wanga uli pa udzu wokhawokha, bola wofolera akhale katswiri. Tsekera wouma bwino, wochotsedwa masamba, womangidwa mothithikana mpaka kukhuthala masentimita pafupifupi 30, denga lake lotsetsereka madigiri osachepera 45. Madzi sachedwapo, nthunzi imatulukira m'udzu momwemo, m'nyumba mumafunda nthawi ya chiperoni ndipo mumazizira bwino m'chilimwe. Udzu umalowa wambiri, zimenezo n'zosakanika, ndipo amene amauyala mopyapyala ndi omwe amabwerera kukagula pepala lija.

Nanga moto? Mankhwala opopera alipo, koma amangochedwetsa moto kugwira, ndipo mvula ndi dzuwa zimawasukulutsa, ndiye pakapita zaka mumapoperanso. Ndalama imeneyo ine ndingaiike kwina. Khitchini ikhale payokha, patali ndi nyumba yogona. Mawaya amagetsi adutse m'mapaipi, asakhudze udzu. Ndipo pofika Ogasiti, anyamata osaka mbewa asanayambe kutentha tchire, lambulani kuzungulira nyumba yonse.