Power BI pa bizinesi yathu ya zaulimi ku Zomba: chiwonkhetso chosasuntha

Ndimasunga mabuku pa bizinesi yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, yomwe likulu lake lili m'tauni ya Zomba ndipo ili ndi nthambi ku Songani, ku Thondwe ndi ku Jali. Kwa madzinja awiri tsopano tikugwiritsa ntchito Power BI Desktop, pulogalamu ya Microsoft yaulere yosanthulira manambala n'kuwaonetsa m'matebulo ndi m'zithunzi, yomwe imayenda pa kompyuta za Windows, ndipo chimene chinandikopa nacho mtima ndi momwe imayankhira funso limene abwana amafunsa mwezi ukamatha, lakuti nthambi iliyonse yabweretsa gawo lanji la ndalama zonse.

Munthu amene anatikonzera dashboard yoyamba, tsamba loonetsa manambala a malonda mwachidule pomwe umadina nthambi kapena mwezi umene ukufuna kuona, sanalimvetse funsoli. Iye anagawa malonda a nthambi ndi chiwonkhetso chomwe chinkatsatira chilichonse chimene munthu wasankha, moti ukangodina Songani, nthambi zina zinkasefedwa, ndipo Songani inkaoneka ngati yagulitsa 100 peresenti. Tinene kuti mu Novembala, alimi akamakonzekera mvula yoyamba, nthambi zonse pamodzi zagulitsa za K40 miliyoni ndipo Songani yagulitsa za K10 miliyoni. Yankho loona ndi 25 peresenti, koma silingatuluke ngati nambala yogawira ikuchepa limodzi ndi nambala yogawidwa.

Power BI imathetsa zimenezi mwadongosolo. M'chinenero chake chowerengetsera, chotchedwa DAX, umaika REMOVEFILTERS, lamulo lochotsa kusefa, mkati mwa CALCULATE, lamulo lowerengetsa motsatira kusefa kumene wafuna, n'kutchula danga la nthambi lokha, ndipo chiwonkhetso chimasiya kumvera nthambi yosankhidwa koma chimapitiriza kumvera mwezi. Apa m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa wochotsa kusefa konse nthawi imodzi amachotsanso mwezi, ndiye malonda a Novembala a ku Songani amagawidwa ndi malonda onse kuyambira pamene tinayamba kulemba. Gawo la nthambiyo limaoneka laling'ono zedi, ndipo woyang'anira shopu amene wagwira ntchito yake bwino angadzudzulidwe popanda mlandu, chinthu chimene ine sindichiona mopepuka. Tikafuna kuyerekeza Thondwe ndi Jali zokha, timasankha ziwirizo n'kugwiritsa ntchito ALLSELECTED, yomwe imawonkhetsa zimene zasankhidwa basi.

Amene anazolowera Excel sadzadabwa kwenikweni, popeza kumeneko SUM imawerengera ngakhale mizere yobisika pamene SUBTOTAL imadumpha yosefedwa, kungoti mu Power BI umatha kusankha kusefa kumene kuchoke ndi kumene kutsale.

Wofuna kuyamba adziwe kuti DAX imafuna kuiphunzira modekha, ndiponso kuti kugawana dashboard ndi anzako pa intaneti nthawi zambiri kumafuna laisensi yolipira munthu aliyense payekha, nkhani yolemera masiku ano pamene ndalama zakunja zikusowa. Ife timangoonera pa laputopu imodzi pamsonkhano wa mwezi. Pamwamba pa nambala yosasunthayo ndinalembapo kuti "Malonda a nthambi zonse, mwezi wosankhidwa", chifukwa abwana atadina Jali koyamba n'kuona kuti chiwonkhetso sichinasinthe, anaganiza kuti kompyuta yaima. Kwa bizinesi ya nthambi zingapo yomwe ili ndi wowerengera ndalama wofunitsitsa kuphunzira, pulogalamuyi ndikuivomereza ndi mtima wonse.