Minibasi ikadzaza, nkhalango ikadzaza

Malire a minibasi amaoneka ndi maso. Kondakitala akapanikiza anthu anayi pamzere wa atatu, matayala amalemedwa, mabuleki amavutika pamtsetse, ndipo wapolisi wapamsewu amangowerenga mitu n'kudziwa kuti yapyola muyezo.

Nkhalango ilibe nambala yolembedwa pachitseko. Malire ake ndi msipu, madzi ndi mitengo, ndipo amasinthasintha: mvula ikagwa bwino amakula, chilala chikabwera amachepa. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa, chifukwa nkhalango yodzaza sidandaula. Umangoona makungwa osendedwa, mitengo yogwetsedwa, kenako njovu zili m'minda ya anthu usiku, chimanga chonse pansi. Zitachulukana ku Liwonde ndi ku Majete, njovu pafupifupi 500 anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu.