App ya Gmail pa Android: ikwanitsa kusunga imelo yanu yachiwiri?

Munthu akayamba kabizinesi, akapeza ntchito kapena akalowa kuyunivesite, imelo imodzi siikwananso. Ndiye funso limabwera: ndiike app ina, kapena ya Gmail yomwe inabwera ndi foniyi ikwanira? Ikwanira, koma osati mofanana pa maimelo onse. Akaunti yachiwiriyo ikakhala ya Gmail, app imeneyi ilibe inzake. Ikakhala ya Outlook, Hotmail kapena Yahoo, imagwira bwino ndithu. Koma ikakhala imelo ya kampani yaing'ono yokhala ndi seva (kompyuta yosunga makalata) yakeyake, app ya Gmail imachita ulesi, ndipo pali zina zoiposa.

Kuika akaunti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tsegulani app, dinani kachithunzi kanu kapena chilembo choyamba cha dzina lanu pamwamba kudzanja lamanja, kenako "Add another account". Pamabwera zosankha zisanu: "Google", "Outlook, Hotmail and Live", "Yahoo", "Exchange and Office 365", ndi "Other". Mukasankha Google, foni ifuna kaye PIN, pateni kapena chala chanu, kenako mulemba adiresi ndi pasiwedi. Ngati akauntiyo ili ndi 2-Step Verification, khodi yotsimikizira kuti ndinuyo ikhoza kupita pa nambala yomwe munalembetsa, choncho SIM yake ikhale pafupi musanayambe. Mukamaliza, kusintha pakati pa maakaunti n'kosavuta: kokani chala m'mwamba kapena m'munsi pa kachithunzi komwe kaja. Pa menyu ya mizere itatu kumanzere palinso "All inboxes", pamene makalata a maakaunti onse amaonekera pamodzi.

Chomwe app siikuuzani momveka n'chakuti akaunti ya Google simuiika mu Gmail mokha, mumaiika m'foni yonse. Manambala a anthu osungidwa pa akauntiyo amatsikira m'buku la manambala la foni, kalendala yake imasakanikirana ndi yanu, ndipo akauntiyo imaonekeranso mu Play Store, Drive, Photos ndi YouTube. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Wina amaika imelo ya kuntchito, kenako manambala atsopano a abale ake n'kuyamba kusungidwa pa akaunti ya abwana. Tsiku losiya ntchito akauntiyo ikatsekedwa, manambala aja amapita nayo. Mankhwala ake ndi kupita ku Settings ya foni, pa "Accounts" kapena "Passwords & accounts" malinga ndi mtundu wa foni, kusankha akaunti yatsopanoyo, kudina "Account sync" n'kuzimitsa Contacts, Calendar ndi zina zonse zomwe simukuzifuna, n'kusiya Gmail yokha. Kenako tsegulani app ya Contacts muone pa "Default account for new contacts" kuti pali akaunti yanu yeniyeni. Tikanakonda app ikanafunsa zimenezi poika pomwepo. Siifunsa, ndipo ichi ndi chilema chake chachikulu.

Ubwino wa akaunti yachiwiri ya Google ndi malo. Akaunti iliyonse yaulere ili ndi 15 GB yakeyake, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Kuyambira mu 2024 backup ya WhatsApp pa Android imawerengedwanso m'malo omwewo, ndiye akaunti yoyamba imadzaza msanga ndi mavidiyo a m'magulu. Ikadzaza simungatumize imelo, ndipo okutumizirani makalata awo amabwerera. Imelo ya bizinesi ikakhala pa akaunti yapadera, vutoli siliikhudza.

Pa Outlook ndi Yahoo, app imatsegula tsamba la kampaniyo n'kukupemphani kuti mulole Gmail kuwerenga makalata anu. Mulemba pasiwedi yanu yanthawi zonse pa tsambalo, basi. Osayesa kuika maakaunti amenewa kudzera pa Other ngati palibe chokukakamizani. Microsoft inasiya kulandira pasiwedi wamba kuchokera ku ma app ena pa maakaunti a Outlook.com, Hotmail ndi Live pa 16 Seputembala 2024, ndipo Google inachita zofananazo pa maakaunti wamba a Gmail pa 30 Meyi 2022. N'chifukwa chake munthu amalemba pasiwedi yolondola kakhumi koma app yakale ya "Email" n'kumangoti yalakwika. Pasiwediyo ili bwino, njira yolowera ndi yomwe inatsekedwa. Pa akaunti ya Google, app yoteroyo imafuna App Password, pasiwedi yapadera ya zilembo 16, yomwe imapangidwa pa tsamba la akaunti yanu pokhapokha 2-Step Verification itayatsidwa. Yahoo nayonso ili ndi yake pa "Account security".

Ntchito yeniyeni ili pa Other, kumene kumalowera maimelo a masukulu, mipingo, mabungwe ndi makampani omwe ali ndi dzina lawolawo pambuyo pa chizindikiro cha @. Mukalemba adiresi dinani "Manual setup", ndipo app ikufunsani kuti POP3 kapena IMAP. Sankhani IMAP. Ndi IMAP makalata amakhala pa seva, foni imangoonetsa zomwe zili kumeneko, kotero mukawerenga kapena kufufuta pa foni, pa kompyuta ya ku ofesi zimasinthanso. POP3 imakoka makalata kubwera nawo m'foni, zomwe mwatumiza pa foni sizioneka pa kompyuta, ndipo ikaikidwa molakwika imafufuta makalata pa seva. Foni ikabedwa pa depoti, makalata apita.

Manambala oyenera kuwadziwa ndi ochepa. Port (nambala ya khomo lolowera pa seva) ya makalata obwera pa IMAP ndi 993 ndi SSL/TLS. Ya POP3 ndi 995. Ya makalata otuluka pa SMTP ndi 465 ndi SSL/TLS, kapena 587 ndi STARTTLS. Osasakaniza: 465 ndi STARTTLS sizigwirizana, ndipo app imangozungulira mpaka kunena kuti yalephera kulumikizana ndi seva. Pa "Username" lembani adiresi yonse, osati mbali ya kumanzere kwa @ yokha. Pa seva yotumizira siyani "Require sign-in" ili yoyatsa, chifukwa mukazimitsa makalata amabwera bwinobwino koma anu amangounjikana mu Outbox. Dzina la seva musalingoganizira. App imakonda kuikamo dzina la kampani lokha, pomwe lenileni nthawi zambiri limayamba ndi mail. kapena imap., kapenanso limakhala la kampani yomwe imasunga webusaiti yanu. Funsani wa IT kapena onani pa cPanel, tsamba loyendetsera webusaiti ndi maimelo ake, pomwe palembedwa "Connect Devices". App ikadandaula za certificate (chiphaso chotsimikizira kuti sevayo ndi yeniyeni), yambani mwaona tsiku ndi nthawi pa foni. Foni yomwe yakhala nthawi yaitali batire itatheratu imatha kubwerera ku tsiku lakale, ndipo certificate yabwinobwino imaoneka ngati yosavomerezeka. Njira yakuti "accept all certificates" imachotsa uthenga wodandaulawo, koma imachotsanso chitetezo, ndiye isakhale yoyamba kuthamangira.

Ulesi tinanena uja uli apa. Makalata a Gmail amafika nthawi yomweyo. A IMAP app imapita kukawayang'ana pa nthawi yomwe mwasankha pa "Sync frequency", ndipo yofupikitsitsa ndi mphindi 15. Kwa wogulitsa amene akudikira oda, kapena wodikira khodi yomwe imatha mphamvu pakapita mphindi zochepa, kumeneko n'kuchedwa. Mutha kukoka sikirini pansi kuti iyang'ane pompo, komabe ndiye kuti mukugwira ntchito yomwe app inayenera kugwira. App ya Thunderbird ya Android, yomwe inatuluka mu Okutobala 2024 kuchokera ku app ina yotchedwa K-9 Mail, imatha kulandira makalata a IMAP nthawi yomweyo ngati seva ikulola, ndi yaulere ndipo ilibe zotsatsa malonda. Maonekedwe ake si okopa ngati a Gmail, koma pa imelo ya kampani ndi yomwe tingasankhe. Ngati kuntchito amagwiritsa Microsoft 365, app ya Outlook ndiyo yoyenera chifukwa kalendala ndi manambala a anzanu a kuntchito zimabwera pamodzi. Werengani bwino zomwe akaunti ya Exchange (imelo ya kuntchito ya Microsoft) ikupempha musanavomere. Ena amakakamiza PIN pa sikirini, ndipo ena amapatsa wa IT mphamvu yofufuta zinthu m'foni ali kutali. Pa foni yogula ndi ndalama zanu, funsani kaye ngati angakuikireni "Work profile", yomwe imapatula za kuntchito pazokha.

Madandaulo ambiri akuti "makalata sakubwera" si a app ayi. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha siitsegula Gmail, pamafunika bandulo ya intaneti yonse kapena Wi-Fi. "Data Saver" imaletsa ma app kugwiritsa data mukawatseka, "Battery Saver" imaimitsa sync (kukoka makalata atsopano), ndipo mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Infinix amatseka ma app ogwira kumbuyo pofuna kusunga batire ndi RAM. Pitani ku Settings, Apps, Gmail: pa data lolani "Background data" ndi "Unrestricted data usage", pa batire sankhani "Unrestricted" kapena "Don't optimise". Onaninso kuti "Automatically sync app data" pa tsamba la maakaunti ndi yoyatsa, chifukwa ikazima maakaunti onse amakhala chete nthawi imodzi.

Kumbali ya data, app imakupatsani zowongolera zokwanira, ndipo akaunti iliyonse ili ndi zake. Pa akaunti ya Google, "Days of mail to sync" imabwera ili pa masiku 30; kuitsitsa kufika pa 7 kumachepetsa zomwe foni imakoka ndi kusunga, ndipo makalata akale amapezekabe mukawafufuza muli pa intaneti. Pa "Images" sankhani "Ask before displaying external images" kuti zithunzi za otsatsa malonda zisamadye bandulo. Mungaikirenso akaunti iliyonse kalizidwe kakekake, kapena kuika ya zotsatsa pa "None" n'kusiya ya ntchito pa "All". Apa Gmail yachita bwino kwambiri.

Cholakwika chochititsa manyazi ndi kutumiza kalata kuchokera pa akaunti yolakwika, monga kufunsira ntchito ndi adiresi ya dzina lamasewera lomwe munapanga muli Fomu 2. Mukamayankha kalata, app imagwiritsa akaunti yomwe inalandira. Vuto limakhala pa kalata yatsopano, makamaka mukatumiza CV kapena chithunzi kudzera pa "Share" kuchokera ku app ina. Yang'anani mzere wa "From" musanadine kutumiza. Pali kamuvi kosinthira. Ikani zithunzi zosiyana pa maakaunti awiriwo ndi "Mobile signature" yosiyananso, kuti diso ligwire msanga. Batani la "Undo" limakhalapo masekondi ochepa chabe. Fayilo yoposa 25 MB Gmail siitumiza ngati attachment, imafuna idzere pa Drive, ndipo imakhala pa Drive ya akaunti yomwe mwasankhayo.

Ngati cholinga chanu n'kungopatula makalata a masitolo ndi mawebusaiti, mwina simukufunikanso akaunti yachiwiri. Gmail imalola kuwonjezera chizindikiro cha + ndi mawu ena pa dzina lanu, monga dzinalanu+malonda@gmail.com, ndipo makalatawo amafika mu inbox yomweyo, pomwe filter ingawapatule. Mawebusaiti ena amakana chizindikiro chimenechi, ndiye si njira ya paliponse.

Akaunti yachiwiri ndi imene anthu amaiwala pasiwedi yake, chifukwa amailemba kamodzi basi. Ikanipo imelo yobwezeretsera, ikhale akaunti yanu yoyamba, komanso nambala yomwe mukuigwiritsadi ntchito. SIM yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kutsekedwa n'kupatsidwa munthu wina, ndipo makhodi anu adzapita kwa iyeyo. Pangani "Backup codes", omwe amabwera khumi, iliyonse ya manambala 8, muwalembe papepala. Google inanenanso kuti akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa, ndipo inayamba kutero mu Disembala 2023.

Kuchotsa akaunti kuli pa kachithunzi kaja, "Manage accounts on this device", kenako "Remove account". Akauntiyo siifa, imangochoka m'foni, pamodzi ndi manambala ndi kalendala zomwe inabwera nazo. A POP3 asamale chifukwa makalata omwe ali m'foni mokha amatayika. Pogulitsa foni kapena poipereka kwa m'bale, chotsani maakaunti onse a Google musanachite factory reset (kufufuta zonse za m'foni). Kuyambira pa Android 5.1 pali Factory Reset Protection: foni ikafufutidwa kudzera pa mabatani akaunti ikadali momwemo, imakana kutseguka mpaka mutalowetsa akaunti yomwe inalimo kale. Pogula foni ya kaunjika, muuzeni wogulitsa achite reset pamaso panu, ndipo muikemo akaunti yanu musanapereke ndalama.