Google Merchant Center pa sitolo yanga ya pa intaneti: ndikuipatsa nyenyezi zinayi

Ndimagulitsa zikwama ndi malamba achikopa kudzera pa webusaiti yanga, komanso polishi wa chikopa amene ndimaoda kwa ena. Kwa nthawi yaitali makasitomala anga ankachokera pa Facebook ndi pa WhatsApp basi, anthu ondidziwa kale kapena anzawo a anthu ondidziwa. Ndikangokhala osaika chithunzi chatsopano, malonda nawo ankagona. Ndinkafuna kuti andipeze anthu osandidziwa n'komwe, omwe akufunafuna chikwama pa nthawi imeneyo, ndiye ndinatsegula akaunti ya Google Merchant Center. Papita miyezi ndithu ndikuigwiritsa ntchito ndipo ndikuona kuti tsopano ndingathe kuikambapo.

Kwa amene simunaimvepo, ndi akaunti yaulere yomwe mumalembetsamo katundu wa m'sitolo yanu, chinthu chilichonse pachokha. Munthu akasaka pa Google, katunduyo amatha kuoneka ndi chithunzi, mtengo ndi dzina la sitolo, kaya pa gawo la Shopping, pa zithunzi kapena pa tsamba la zotsatira. Akadina amafika pa webusaiti yanu ndipo amagulira komweko. Kuyambira mu 2012 ankaoneka pa Google Shopping ndi okhawo olipira. Mu Epulo 2020 kampaniyi inatsegula mpata woonekera mwaulere ku United States, ndipo chaka chomwecho chisanathe mpatawo unafika kumayiko ena ambiri. Ine ndinayamba ndi zaulerezi, ndipo sindilipira kalikonse munthu akadina.

Kutsegula akaunti sikunanditengere nthawi. Amafuna mutsimikizire kuti webusaitiyo ndi yanudi, mulembe za katumizidwe ka katundu ndi mtengo wake, ndiponso mufotokoze zimene mumachita kasitomala akafuna kubweza chinthu. Onetsetsani kuti pa webusaiti pali njira yomveka yokupezerani, chifukwa sitolo yobisa mwini wake amaikayikira ndipo akaunti ikhoza kuimitsidwa.

Ntchito yeniyeni ili pa mndandanda wa katundu, umene ambiri amautchula kuti feed. Mukhoza kuulemba mu Google Sheets, kutumiza fayilo, kapena kulumikiza sitolo yanu ngati ili pa Shopify kapena WooCommerce, mapulogalamu opangira masitolo a pa intaneti. Chinthu chilichonse chimafuna nambala yakeyake, dzina, kufotokoza, linki, chithunzi, mtengo, ndi kunena ngati chilipo kapena chatha. Mwa zonsezi, chimene chinasintha malonda anga ndi dzina. Pa zaulerezi simusankha mawu oti anthu azikupezerani. Makina a Google amawerenga zimene mwalemba n'kuziyerekeza ndi zimene munthu wasaka. Pa Facebook zikwama zanga zili ndi mayina okongola omwe makasitomala akale amawakonda, koma mlendo sangasake dzina lomwe sanalimvepo. Iye amalemba zimene akufuna: chikwama chachikopa cha laputopu, chabulauni, cha mainchesi 15. Nditalemba mayina motero, mtundu wa chinthu poyamba, kenako chikopa, mtundu wake monga bulauni, ndi kukula kwake, chiwerengero cha anthu oona katundu wanga chinayamba kukwera mlungu ndi mlungu. Dzina limaloledwa kufika zilembo 150, koma pafoni zimaoneka zoyambirira zokha, choncho mawu ofunika kwambiri aikeni kutsogolo.

Zithunzi nazo zili ndi malamulo ake. Salola kulembapo mawu otsatsa kapena kudindapo chizindikiro cha sitolo pamwamba pa katundu. Ndinajambulanso zikwama zonse pa nsalu yoyera pafupi ndi windo, lamba wake nditamukonza kuti aoneke bwino, zipi ndi msoko zikuoneka. Pa zotsatira chikwama chanu chimakhala pambali pa zikwama za masitolo ena, ngati mabenchi oyandikana pamsika, ndipo diso la wogula limathamangira chithunzi chowala lisanaone n'komwe mtengo.

Pali nkhani ya GTIN, yomwe imasokoneza ambiri. Iyi ndi nambala ija imakhala pansi pa barcode, nthawi zambiri ya manambala 12 kapena 13. Polishi ali nayo, ndiye ndimangoikopera pachitini. Imathandiza makinawo kudziwa kuti chinthu changa ndi chomwecho chimene ena akugulitsa. Zikwama zosoka ndekha zilibe nambala yotere, ndipo pali malo onenera kuti ilibe. Chonde musapeke nambala kapena kubwereka ya chinthu china, katunduyo amakanidwa.

Chomwe ndimayamikira kwambiri, ngakhale ena amadandaula nacho, ndi kukhwima kwawo pa mtengo. Mtengo wa mu feed uyenera kufanana ndi wa pa tsamba la chinthucho, ndipo chimene mwati chilipo chikhalepodi. Nthawi ina kapulogalamu kena kolumikizira sitolo yanga, sinditchula dzina, kankatumizabe mitengo yakale ya malamba nditakweza kale pa webusaiti. Merchant Center inaona kusiyanako, inaimitsa malambawo ndipo inandionetsa chinthu chimodzichimodzi chomwe chinali ndi vuto. Nditachotsa kapulogalamuko n'kukonza mndandanda, malamba anabwereranso. Zinandipweteka kuona katundu ataimitsidwa, koma ndikadziika m'malo mwa wogula ndimagwirizana nazo. Palibe amene amasangalala kuona mtengo wina, adine, akapeze wina. Kumbukiraninso kuti katundu amene watha masiku 30 osatumizidwanso amachoka pa mndandanda, ndiye konzani zoti feed izidzitumiza yokha nthawi ndi nthawi.

Nanga malonda anakuladi? Eya, koma pang'onopang'ono. Milungu yoyambirira kunali zii, moti munthu wothamanga mtima akanasiya. Kenako maoda anayamba kubwera kuchokera kwa anthu omwe sindinalankhulepo nawo, ndipo ambiri mwa iwo safunsa mafunso ataliatali ngati a pa WhatsApp aja. Amakhala ataona kale mtengo, mtundu ndi kukula asanadine. Ndimakondanso malipoti ake, omwe amaonetsa kuti chinthu chilichonse chaoneka kangati ndipo chadinidwa kangati. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti malamba akuda osakongoletsa, omwe ndinkawaona ngati katundu wongowonjezera, amasakidwa kuposa zikwama zomwe ndimathera masiku ndikusoka. Panopa ndimasoka malamba ambiri kuposa kale. Chinthu chikamaoneka kwambiri koma anthu osadina, ndimadziwa kuti vuto ndi chithunzi kapena mtengo. Akamadina koma osagula, ndimakayang'ana tsamba langa ndi mtengo wotumizira.

Nyenyezi yachisanu ndaisunga pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zaulere sizikulonjezani malo. Otsatsa olipira kudzera mu Google Ads ndi amene amakhala pamalo oonekera kwambiri, ndipo pa katundu wofala ngati polishi, masitolo akuluakulu amakhala patsogolo. Polishi wanga sayenda kwenikweni kumeneko. Zimene zimayenda ndi zomwe ena alibe. Chachiwiri, si dziko lililonse kapena chinenero chilichonse chimene chili pa mndandanda wawo, ndipo zina zimene zimapezeka m'dziko lina sizipezeka kwina. Musanayambe kujambula zithunzi ndi kulemba mayina, yang'anani kaye ngati dziko lomwe mumagulitsako ndi ndalama zake zikuloledwa.

Ngati mulibe webusaiti yoti munthu angasankhe katundu n'kulipira pomwepo, yambani ndi imeneyo, chifukwa Merchant Center payokha si sitolo. Koma ngati muli nayo kale ndipo mumatha kutumiza katundu mokhulupirika, ilembetseni, muyambe ndi zinthu zochepa zomwe mumazidziwa bwino. Feed ikakhala bwino mukhoza kuigwiritsanso ntchito ku Microsoft Merchant Center kuti katundu azionekanso pa Bing, tsamba losakira zinthu la Microsoft, pakuti kumeneko amalola kukoka mndandanda kuchokera ku Google osayambanso kulemba. Ine ndi zimene ndikukonza mwezi uno, ndipo zolipira ndidzaziyesa pa malamba okha.